Mkaka wa Dinah

Kawale 2, Lilongwe
8 Meyi 1995

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Kasinje. Ine ndinafika, kungoti basi inatifera pa Linthipe mpaka njala inatipota.

Mdzukulu wanu Tisunge ndamuona. Mphuno ndi ya achimwene a Enerst, pamenepo musade nkhawa. Koma Amayi, zomwe ndapeza kuno, ha! Munati ndidzathandize alamu a Dinah poti achimwene ali ku Joni, koma ndaona kuti ndabwera kudzakhala make wa mwanayu. Kukangoyera alamu amamuyamwitsa, kumanga mabere ndi mpango, kuvala thalauza. Thalauza, Amayi! Matipate yatipweteka. Akatero ndi liwiro mpaka ku bwalo la ku Biwi. Mzimayi woti mwana ali ndi miyezi itatu akudumphadumpha mumsewu ngati mbuzi yoduka chingwe, anyamata a makala akumuimbira mluzu. Ati ndi mpira wa ntchemberembaye wa kuntchito kwawo. Wowaphunzitsa ndi mwamuna, a Kings, wamtali wadazi. Dzulo anawaperekeza mpaka pampanda, akuseka ngati anakulira nyumba imodzi.

Chimene chandiopsa ndi ichi. Akabwerako thukuta lili kamukamu n'kumuika mwana kubere, mwana amangolawa n'kutembenuza mutu, kulira. Mpaka alamu akasambe ndiye amayamwa. Kodi mwana amakana bere la make popanda chifukwa? Ine sindinabereke, koma maso ndili nawo.

Iwo akachoka, mwana akamalira ndimamupatsa timadzi ta mumgolo ndi kaphala kamadzimadzi, monga munkachitira ndi ife. Alamu sakudziwa, ati kusikelo anawaletsa. Nanga ndizingomuyang'ana?

Munditumizireko nyemba, kuno ndi bonya tsiku ndi tsiku.

Mwana wanu,
Olipa

Kawale 2, Lilongwe
14 Meyi 1995

Bambo a Tisunge,

Moni wa chikondi. Muli bwanji ku Joni kumeneko? Chichokereni mu Disembala ndalandira kalata imodzi yokha, kaya mapepala kumeneko anatha, kaya ndi manja akupweteka ndi maluwa a mzungu wanuyo. Iyi ndapatsira a Andrew oyendetsa thiraki, ndiye musadzanamizire positi.

Mwana wanu ndi chimtsikana tsopano. Masaya ngati mandasi a ku Mchesi. Wayamba kuseka mokweza, ndipo akamayamwa amandimenya pachifuwa ngati ndamubera. Kusikelo nesi anati akukwera bwino, ndisamupatse kanthu kena koma bere lokha.

Ndayambanso kuthamanga. Musatukule maso, mukudziwa kuti kufakitale ya mabisiketi sanandilembe chifukwa cha satifiketi, anandilemba chifukwa cha miyendo. Abwana anena poyera kuti pofika Julayi ndikapanda kubwerera mu timu, malo anga pabwalo ndi malo anga pamakina zonse apereka kwa wina. Tikatero lendi ya nyumba ino tizilipira ndi chiyani? Ndinafunsa nesi ngati sizionongera mwana mkaka. Anaseka, anati mkaka si thobwa kuti ungasase ndi kukhutchumula. Ndizingoyamba kumuyamwitsa ndisanatuluke, ndizimwa madzi ambiri, ndiziyamba pang'onopang'ono. Tsiku loyamba ndinangofika pamjigo mpweya n'kutha, mimba ikugwedezeka ngati thumba. A Kings anandiseka kuti senta wa timu yawo wasanduka gogo. Pano ndikufika ku Biwi osapumira.

Kamwana kanu n'kaulemu wake. Ndikabwera ndi thukuta sikafuna bere la mchere, kamachita tsinya ngati inu mukalawa ndiwo zopserera. Ndimayamba ndatsuka, kenako kamayamwa mpaka kugona.

Olipa akundithandiza kwambiri, Mulungu amudalitse. Popanda iye sindikadatha. Mukamatumiza kanthu mumuikireko nsapato.

Musaiwale kuti munandipeza pabwalo lomwelo, mukunamizira kuti mwabwera kudzaonera mpira. Lembani.

Wanu,
Dinah

Kasinje, Ntcheu
29 Meyi 1995

Iwe Olipa,

Kuno tili bwino, kupatula mwendo wangawu. Kalata yako ndawerenga, ndipo chakudya sichinalowe.

Ndiwe mwana, ndiye mvetsetsa. Enerst anachoka mkazi wake ali ndi pakati. Mwanayo sanatengedwe, sanalowe kumphasa, chifukwa mwambo umenewo umafuna bambo ndi mayi onse ali m'nyumba. Mwana wotero ndi wozizira. Make akangoyenda ndi mwamuna wina, thupi lake limatentha, ndipo akamugwira mwana kapena kuthira mchere m'chakudya amamudula. Ndiye tsempho limenelo. Mwana amayamba kukana bere, kutsegula m'mimba, kuonda, masaya kutupa. Ana awiri a mchemwali wanga anapita choncho. Wandiuza wekha kuti mwana akukana bere. Mwana sanama, Olipa.

Mpira wanji wa m'bandakucha? Ife tinabereka asanu ndi awiri, kuthamanga kwathu kunali kwa kudimba. Ndinamuuza Enerst kuti akazi anatha ku Ntcheu kuno kuti ukatenge wa ku Rumphi wovala siketi yolekeza m'ntchafu? Anati Amayi ndi chikondi. Mawu a akulu akoma akagonera.

Tsono uchite izi. Ndiwo zimene wathira mchere iyeyo usadye. Phala upitirize, uonjezere ndithu, kuti mwana asamadalire mkaka umenewo. Ndakuikira timizu m'kapepala, uziviika m'madzi n'kumamumwetsa make akachoka. Usakangane naye, uzimusekerera. Uzingoona, n'kumandiuza.

Nyemba zikubwera ndi Pauline wa kwa abusa.

Mayi wako,
Nangozo

Kawale 2, Lilongwe
21 Juni 1995

Amayi,

Moni sindichulutsa. Bwerani msanga.

Zonse munanena zija zachitika, mwachita ngati munali pompano. Tisunge wayamba kutsegula m'mimba sabata yatha, matewera sakuuma pachingwe. Liwombo lalowa, maso alowa. Timizu tija ndakhala ndikumupatsa osadumphitsa tsiku, koma mphamvu ya zoipazi yachuluka.

Alamu anandipeza ndi kapu ya phala. Mayo ine, kukalipa kwake! Anandilanda n'kuponya panja, ati ndamupha mwana ndi madzi a mumgolo. Ine, Amayi! Ine amene ndimagona naye kumsana iwo akukasekerera madazi a eni ku Biwi. Ndinangoti chabwino alamu, monga munandiuzira.

Kuthamanga asiya. Mwaona? Ngati kunalibe choipa asiyiranji? A Kings anabwera ndi malalanje ati kudzaona wodwala, mpaka kumugwira mwana pamphumi.

Koma chachikulu ndi ichi. Atachokera kuchipatala, ndinawaona ndi maso angawa akuthira mchere m'madzi, ndi dzanja lawo lomwelo, kuthiramo shuga, n'kumamumwetsa mwana ndi supuni. Mchere, Amayi! Ati ndi mmene awauzira adokotala. Akumumwetsa usana wonse, kusinthanitsa ndi bere. Akuti lero akuoneka bwinoko. Ine ndikuona kuti akumumaliza dala kuti achimwene asadzapeze mboni.

Olipa

Kasinje, Ntcheu
6 Julayi 1995

Mwana wanga Enerst,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda. Bulangete unatumiza lija ndinalandira.

Mwana wako ali kuno ndi ine. Mkazi wako wamudula. Wakhala akutuluka m'mawa uliwonse kukakumana ndi mwamuna wina dzina lake Kings, ati mpira. Kawale yense akudziwa, ndiwe wekha wosadziwa. Ndinapita ndekha ndi mwendo wangawu. Ndinamupeza akumwetsa mwana mchere, ndinatenga kapuyo n'kukhuthulira pansi iye akuona. Anandigwadira, kulira, kundionetsa khadi la kusikelo. Ndinati khadi limadziwa chiyani za kumphasa?

Lolemba anaitanidwa kuntchito kuti akafotokoze za kujomba kwake. Anamuyamwitsa mwana, kumusiya ndi ine, ati Amayi ndibwera dzuwa lisanafike pamutu. Ife ndi Olipa tinakwera basi. Usandione ngati wankhanza. Kwawo ku Rumphi si amati mwana ndi wa kuchimuna? Bambo ake si analandira ng'ombe? Ndiye ndatsata mwambo wawo womwewo.

Kuno bere ndamuletsa. Akumwa phala ndi mankhwala a kwa a Mabel, amene anachiza ana ambiri. Iwo anena kuti mankhwala agwira bwino make akaulula dzina la mwamunayo ndi pakamwa pake.

Tsono pali kanthu. Andrew wa thiraki atabweretsa bulangete anatayako mawu kuti kumeneko sukuphika wekha. Ndinamutseka pakamwa. Mvera ine: mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndipo Joni ndi kutali, kutentha kwake sikungaoloke malire onsewo. Usalembere aliyense za zimenezo, ngakhale ine. Wolakwa tamupeza kale, mlandu sufuna anthu awiri.

Mayi wako,
Nangozo

Kawale 2, Lilongwe
24 Julayi 1995

Amayi,

Ndikugwada polemba kalatayi. Sindifunsa za moyo wanu chifukwa ndakuonani ndi maso sabata yatha, muli bwino. Amene sali bwino ndi mwana wanga.

Ndinabwera kwanu kawiri. Ulendo woyamba munandibweza pamsewu. Wachiwiri munandilola kukhala pakhonde, inu muli naye pakhomo, pakati pathu a Mabel ndi ndodo. Tisunge anandimva mawu. Munaona nokha mmene anatembenukira, kukamwa kuli yasa, kufuna. Analibe ndi mphamvu yolira, amangotsegula pakamwa ngati kamwana ka mbalame. Mkaka unachucha mpaka kunyowetsa chitenje, azimayi onse aja akuona, wina n'kuseka kuti taonani poizoni akutayika. Amayi, munaberekapo. Mukudziwa mmene mabere amawawira mwana akakhala pafupi.

Mwanayo sakudwala tsempho. Akufa ndi ludzu ndi njala. Anali atayamba kuchira, anali atayambanso kundimenya pachifuwa. Manja ake pano ali ngati timitengo ta machesi. Ngati simufuna ine, mupite naye kuchipatala, kapena mupeze mzimayi aliyense woyamwitsa m'mudzimo, ndidzamugwirira ntchito moyo wanga wonse.

Atsibweni anga a ku Area 25 ndinawadandaulira. Akuti ng'ombe zinadyedwa kale, tidikire mwini mwana ayankhe. Mwini mwana ndamulembera katatu, zii. Kupolisi anati za m'banja mukakambirane kumudzi.

Munati ndikaulula mundipatsa mwana ndimuyamwitse. Ndinakana pakhonde paja chifukwa Mulungu akudziwa kuti chichokere Enerst palibe mwamuna anandikhudza. Ndabwerera kuno, ndaganiza, ndaona kuti dzina langa si kanthu. Ndiye lembani zimene mukufuna. Mukufuna ndinene kuti a Kings? Chabwino. Ndi a Kings. Ndavomera. Ndinachimwa, ndine hule, ndine chilichonse mungatchule. Mukawerenge kutchalitchi, mukawerenge pamsika.

Ndikubwera Loweruka pa 5 Ogasiti, ndikangolandira ndalama ya basi. Ndikufinya m'mawa ndi madzulo kuti usaume. Chonde mumuuze kuti amake akubwera.

Mpongozi wanu,
Dinah

Kasinje, Ntcheu
9 Ogasiti 1995

Enerst mwana wanga,

Limba mtima. Tisunge anatisiya pa 30 Julayi, Lamulungu, anthu akutuluka m'tchalitchi. Anapita mwakachetechete, ali kumsana kwanga, ndinangomva kuti wapepuka. Tinaika tsiku lomwelo. Tinayesetsa, mwana wanga. A Mabel anasintha mankhwala katatu. Nkhuku zanga ziwiri zinapita.

Pawailesi sitinalengeze. Tikanaitana ndani, amene anamupha?

Koma Mulungu sagona. Patangopita masiku awiri chiikireni maliro, kalata ya mkazi wako inafika. Ndakuikira momwemu kuti uwerenge wekha, ndi dzanja lake, palibe anamugwira mkono. Zambirizo ndi misozi ya ng'ona, usataye nazo nthawi. Uwerenge pamene ndadula mzere kunsi. Watchula dzina. Abusa aona, madoda aona, a Mabel akuti akanaulula msanga mwana akanakhala moyo. Ndiye wamupha kawiri.

Loweruka anabweradi, atanyamula kabotolo ka mkaka wofinya ndi timalaya. Anafika akumwetulira, ati Amayi kalata ija munalandira? Ndinati ndinalandira. Ati ndiye ali kuti? Olipa ndi amene anamuuza. Zimene anachita pabwalo panga sindingalembe, anthu anachita kumugwira anayi. Anafuna timuonetse manda. Madoda anakana, munthu wotentha sapita kumanda a khanda. Tinamukweza basi ya madzulo.

Usadzimvere chisoni kwambiri. Ukadali mnyamata.

Mayi wako,
Nangozo

Johannesburg
17 Seputembala 1995

Dinah,

Makalata ako onse ndinalandira. Sindinayankhe chifukwa ndimafuna ndimve mbali zonse. Tsopano ndawerenga ndi maso anga zimene unalemba wekha. Dzanja lako ndimalidziwa.

Ndinakulola mpira anzanga akundiseka. Ndinkati mkazi wanga ndi wa makono. Ndi malipiro ake amenewa. Mwana wanga sindinamuone ndi nkhope yomwe chifukwa cha iwe.

Olipa abwera kudzatenga bedi, wailesi ndi mbale zimene anatipatsa Amayi. Zotsalazo ndi zako. Ankhoswe akakumana ku Area 25, ine sindibwera, kuno ntchito siilola.

Ndakukhululukira ngati Mkhristu, koma usandilembenso.

Enerst

Biwi, Lilongwe
26 Novembala 1995

Amayi a Enerst,

Sindikudziwa ngati muli bwino, ndipo sindinama kuti ndikufuna kudziwa.

Bedi munalandira? Mwendo wake umodzi ndi waufupi, muziikapo njerwa. Ndinasamuka ku Kawale, ndili m'kachipinda kuno ku Biwi. Kutchalitchi anandiimika mgonero. Akazi a Kings anabwera kufakitale n'kundithira madzi a mopu pamaso pa anthu, chifukwa Olipa anaonetsetsa kuti kalata ija yamveka mpaka kwawo. Bambo uja sanalakwe kanthu, analakwa kubweretsa malalanje. Pano sandiyankhula, ndipo sindimuda.

Ntchito sanandichotse. Mudabwa? Ndikuthamanga kuposa kale. Atsikana akuti Dinah wapenga, sakutopa. Sadziwa kuti ndikaima ndimamva kulira. Ndimadzuka, kumanga mpango, kuthamanga mpaka ku Chinsapo n'kubwerera, palibe wondidikira kunyumba, palibe wochita tsinya ndi mchere.

Mkaka sunaume. Anandiuza kuti ndimange, ndinamanga. Anandipatsa mapiritsi, ndinamwa. Dzulo tinali ndi mpira waukulu, tikutsogola, ndiye kamwana kena kanalira m'gulu la oonerera. Malaya onse kutsogolo ananyowa. Anthu amaganiza kuti ndi thukuta. Ndinapita kuseri kwa chimbudzi, ndinafinyira m'dzanja, ndinalawa. Ndimafuna ndidziwe chinthu chimene munati chinapha mwana wanga. Ndi wotsekemera, Amayi. Ndi wotsekemera ngati tsiku loyamba. Ndinabwerera m'bwalo, tinawina, anandinyamula m'mwamba.

Ndimakudani. Ndanena kuti musavutike kuganizira. Ndimadanso miyendo yangayi, ndimadanso Lolemba lija ndinakukhulupirirani n'kutuluka pakhomo.

Sindikufuna mbale, sindikufuna mwana wanu, sindikufuna mundiyeretse dzina. Ndikupempha chimodzi. Mvula yayamba, ndipo dothi likhazikika. Mundiuze pamene munamuika. Simuyenera kundiperekeza. Mungolemba kuti pafupi ndi mtengo wakuti, kumanja kapena kumanzere. Ndidzabwera ndekha, sindidzaponda pabwalo panu, ndidzakhala pang'ono n'kubwerera. Anachoka ndi njala. Ndikungofuna ndikamuuze kuti ndinabwera nawo.

Make Tisunge

Kasinje, Ntcheu
15 Disembala 1995

Iwe Dinah,

Kalata yako yamwano ndalandira. Ndayankha chifukwa ndine wa Mvano, wina akanangoyatsira moto.

Za manda, kuno makanda sitiika chizindikiro. Amene anakumba ndi azimayi, ndipo udzu wamera kale mpaka m'chiuno. Ndafunsa a Mabel, akuti mwina kumunsi, mwina chapakati. Ine mwendo sundilola kukafika kumeneko. Usavutike kubwera, ungadzalire pa mwana wa eni.

Mkakawo umange ndi nsalu yonyowa, uuma. Ukapitiriza kufinya ndiye suuma, ndi iwe wemwe ukuuitana.

Kuno Mulungu watipukuta misozi. Mkazi wa Enerst wa ku Joni wachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, wamiyezi yake yokwana bwino. Andrew wabweretsa chithunzi. Wonenepa, masaya ngati mandasi, mphuno ya bambo ake. Make ndi munthu wokhazikika, sathamanga.

Anandipempha kuti ndipereke dzina. Ndati akhale Tisunge, dzinalo lisatayike.

Nangozo